Marandi awo timawakonda, nanga eni ake?

Munthu woyenda pa msewu wochokera pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay sachita kufunsa kuti ndi khomo liti lomwe lili ndi mwana ku Joni. Malata amanena okha. Pakati pa nyumba zofolera udzu pamaoneka ina ya njerwa zootcha, sola ili padenga, njinga yamoto ili pakhonde. N'chimodzimodzi kwa Makanjira, ku Namwera, ku Malindi ndi m'midzi ya kwa Nankumba. Fizi ya ana, thumba la feteleza, injini ya boti, ngakhale nsalu ya pamaliro, zambiri mwa izi zimagulidwa ndi marandi omwe mnyamata wina wakhetsera thukuta potchetcha kapinga ku Johannesburg kapena ponyamula katundu m'sitolo za ku Durban.

Ife a nyuzi ino sitikunyoza ndalama zimenezi. Zaphunzitsa ana, zapulumutsa mabanja m'zaka za njala. Chomwe tikufuna kunena lero n'chakuti dziko lino lidazolowera kudya thukuta la anthu ake apaulendo popanda kuwawerengera ngati nzika. Kawiri konse m'moyo wa munthu mmodzi mliri udagwa, ndipo kawiri konseko tidaonetsa poyera kuti chomwe timakonda ndi ndalama zawo osati iwo eni. Koyamba mudali mu 1988, ndi Edzi. Kachiwiri mudali mu 2020, ndi Covid-19. Za 1988 tinkati vuto lidali ulamuliro wa chipani chimodzi. Nanga za 2020 tinamizira yani?

Ulendo wa kum'mwera sudayambe dzulo. Atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mwamuna wopanda ndalama adayenera kukaifuna komwe idali. Agogo athu ena adayenda wapansi mpaka ku Salisbury, ena adalembedwa ndi Mthandizi kukalima m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo ambiri adatengedwa ndi Wenela kukalowa pansi m'migodi ya golide. Amene sadabwererenso tidawapatsa dzina loti matchona. Titalandira ufulu mu 1964 malondawa adapitirira, mwinanso kuposa kale. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa n'kutumizidwa kuno, mwini wake n'kudzalandira makwacha akabwerako. Ndiye kuti boma linkapeza ndalama zakunja pamsana pa munthu yemwe ankameza fumbi la mumgodi.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Dr Banda adaletsa kulemba anthu. Mu 1977 kulembako kudayambiranso, tsopano m'dzina la TEBA, yomwe kumudzi timaitchula kuti Theba, koma olembedwa adali ochepa poyerekeza ndi kale.

Kenaka kudadza Edzi. Amalawi pafupifupi 200 atapezeka ndi kachilombo m'migodimo, a ku South Africa adati Mmalawi aliyense aziyezedwa magazi asanalembedwe. Boma lathu lidakana, mkangano udakula, ndipo Theba idatseka zitseko. Pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Chancellor College, Dr Wiseman Chirwa, adafufuza nkhaniyi n'kupeza kuti matendawa adali ponamizira chabe: eni migodi adali atayamba kale kuchepetsa antchito ochokera kunja. Obwezedwawo adafika kumudzi atanyamula dzina loipa la matenda, opanda ntchito ina yowadikira, ndipo kudalibe nyuzipepala yoti n'kufunsa boma kuti liwachitira chiyani. Ambiri a iwo adakalamba akuyendera ndalama zawo za m'migodi m'maofesi a zantchito, ndipo ena adatsikira kuli chete asadaone ndi tambala yomwe.

Theba itatseka, ulendo sudathe. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 njira ya ku Tete idatseguka, ndipo ulamuliro wa tsankho utagwa mu 1994 mabasi adayamba kudzaza: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Joni. Koma pali kusiyana kwakukulu komwe awerengi athu ayenera kukumvetsa. Wa Theba, ndi nkhanza zonse za mumgodi, adali ndi kontirakiti, nambala, ndi tikiti yobwererera. Wa lero amalowa ndi chidindo cha masiku 30 m'pasipoti. Masikuwo akatha amasanduka wobisala. Alibe chilolezo chogwirira ntchito, kotero dzina lake silipezeka m'buku lililonse la boma la kumeneko. Bwana akamubera malipiro sangapite kupolisi, pakuti akapita ndi iyeyo amene akagone ku Lindela kudikira kuthamangitsidwa. Chipwirikiti chodana ndi alendo chikabuka, monga mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, ndi iyeyo amene amathawa ndi malaya okhaokha.

Nanga n'chifukwa chiyani amapitabe? Yankho lili pagombe. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Chambo chomwe chinkalemeretsa nyanja ya Malombe ndi chigawo cha kum'mwera kwa nyanja ya Malawi chidachepa kalekale, ndipo lero maboti ochuluka akulimbirana usipa ndi utaka. Mnyamata wokoka chilimira cha munthu wina usiku wonse akhoza kubwera m'mawa ndi ndiwo zokha. Malo olembedwa ntchito ndi owerengeka: Maldeco, mahotela, doko la Monkey Bay komwe Ilala yakhala ikukocheza kuyambira 1951. Mnyamata woteroyo akaona mnzake yemwe adasiya naye sukulu sitandade 6 atabwerako ndi foni ndi njinga yamoto, simufunika kumulalikira. Sapita chifukwa chodana ndi kwawo. Amapita chifukwa masamu ake ndi oona.

Anthu ophunzira zachuma amatiuza kuti ndalama za apaulendo ndi chitetezo cha banja: kuno mvula ikavuta, wa ku Joni amatumiza ya chimanga. Izi n'zoona pamene tsoka lagwa mbali imodzi. Chaka cha 2020 chidatiphunzitsa zomwe zimachitika likagwa mbali zonse ziwiri tsiku limodzi.

Pa 27 Malichi 2020 dziko la South Africa lidalowa m'bindikiro. Malo odyera adatsekedwa, zomangamanga zidaima, ogwira ntchito m'nyumba adauzidwa kuti ayambe akhala. Boma la a Cyril Ramaphosa lidakhazikitsa thandizo la marandi 350 pamwezi kwa osowa ntchito, koma Mmalawi wopanda mapepala sakadalilandira. Lendi ndiye sidaime. Munthu amene mwezi wathawo ankadyetsa anthu khumi kwa Mponda adayamba kuima pamzere wa chakudya chaulere pa mzikiti kapena pa tchalitchi. M'mabanja ena madzi adayenda chobwerera m'mbuyo: a kumudzi ndiwo adagulitsa mbuzi kuti mwana apeze ya basi.

Masiku omwewo kunyanja kuno nako kudali kutada. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi. Ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo, ndipo pa 2 Epulo Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza za odwala oyamba. Ku Cape Maclear malo ogona alendo adatsala mbee. Osema ziboliboli, operekeza alendo ku zilumba, amayi ochapa ndi ophika, onse adakhala pansi. Banja lomwe linkayenda ndi miyendo iwiri, wina wa alendo wina wa ku Joni, lidathyoka yonse nthawi imodzi. Ngakhale amene adali ndi kangachepe kotumiza adasowa potumizira, pakuti ambiri ankadalira madalaivala a mabasi ndi malole kunyamula envulopu ndi katundu, ndipo zipata zidali zotseka. Otsala adathamangira ku makampani otumiza ndalama monga Mukuru.

Pa mfundo imeneyi pali chiwerengero chomwe akuluakulu amakonda kubwereza. Mu Epulo 2020 World Bank idalosera kuti ndalama zotumizidwa ndi apaulendo zitsika ndi 20 pa 100 iliyonse, koma chaka chitatha zidapezeka kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene zidatsika ndi zosakwana 2 pa 100. Iwo amati umenewu ndi umboni woti ndalamazi n'zodalirika. Ife tikuti awerengenso bwino. Mbali ina ya chiwerengerocho ndi ndalama zomwe kale zinkayenda m'thumba la dalaivala osalembedwa paliponse, zomwe tsopano zidadzera m'makampani n'kuwerengedwa. Mbali ina ndi anthu omwe adadzimana chakudya n'kutha zonse zomwe adasunga kuti amayi awo asagone ndi njala. Chomwe chidapirira ndi mtima wa munthu wosauka. Boma lisadzitamandire nacho ngati ndondomeko yake.

Tsopano tifike pa chomwe chidatichititsa manyazi. Mu Meyi 2020 mabasi adayamba kulowa pa Mwanza atadzaza Amalawi omwe adalephera kupirira. Adali atakhala masiku angapo m'basi, amayi ndi ana omwe. Ambiri adatengeredwa ku bwalo la mpira la Kamuzu mu Blantyre kuti adikire zotsatira za kuyezedwa. Kumapeto kwa mwezi womwewo oposa 400 adatuluka pabwalopo n'kumwazikana, akudandaula za kusowa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera. Ena mwa iwo adali ndi kachilombo. Dziko lonse lidawakwiyira. M'mabasi, m'misika ndi pa wailesi, munthu wa ku Joni adasanduka wobweretsa imfa, yemweyo amene pa Khirisimasi ndi pa Eid tinkamuchingamira ndi nthungululu.

Sitikuti adachita bwino kuthawa. Wodziwa kuti mwina wanyamula matenda n'kukakwera minibasi amaika pachiswe moyo wa anthu osalakwa. Koma tifunse mafunso onse. Kodi ndani adaganiza kuti bwalo la mpira, nyengo yozizira ikuyamba, ndi malo ogoneka munthu wotopa ndi ulendo wa maiko atatu? Mabasiwo sadatulukire mwadzidzidzi. Akuluakulu ankadziwa kuti akubwera. Ndipo masabata omwewo, pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, atsogoleri a mbali zonse ankasonkhanitsa namtindi wa anthu m'misonkhano ya ndale popanda wowatchula kuti ndi ofalitsa matenda. Lamulo lidali lolimba pa wosauka yekha. Ngakhale m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma lidafuna kuyamba pa 18 Epulo udaimitsidwa ndi Bwalo Lalikulu la Milandu, bungwe la HRDC litadandaula kuti padalibe dongosolo loti osauka adye chiyani.

Boma lidasintha mu Juni, koma khalidwe silidasinthe. Kauniuni wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zomwe zidatulutsidwa kuti zilimbane ndi mliriwu adaonetsa kuti zambiri zidathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo. Mu Epulo 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera adachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, pa nkhani yogwiritsa ntchito ndalama za mliri pa ulendo wa ku South Africa. Awerengi aone okha: unduna womwe udayenera kulankhulira wantchito wa ku Joni ndi womwe udatchulidwa pa ndalama za ulendo wa ku dziko lomwelo. Ndalama zomangira malo abwino olandirira anthu pa Mwanza zidalipo. Chomwe chidasowa ndi kuwaona anthuwo ngati eni dziko.

Zipata zitatsegulidwa, ambiri adabwerera komwe adachokera, pakuti kuno adapeza zomwe adasiya. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, randi idakoma kuposa kale. Mwezi womwewo wa Novembala 2023 achinyamata 221 adakwezedwa ndege kukalima m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, pa mgwirizano womwe Amalawi ambiri adaumva ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Dzina lasintha, Wenela kulibe, koma maganizo ndi omwe aja a 1973: tumizani anyamata, ndalama zakunja zibwere, zina tidzaona.

Tili ndi mawu apadera kwa inu abale athu amene mudabwerako pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, chikhululukiro cha onse othawa chitalengezedwa. Ena a inu mudachoka ku Mangochi komweku pambuyo pa Febuluwale 1965, pamene boma lidalusira dera lonse chifukwa cha a Masauko Chipembere. Mudakhala zaka ku Dar es Salaam, ku Lusaka, ku Harare ndi kutsidya kwa nyanja. Inu mukudziwa kuposa ife tonse momwe mtima umagundira wapolisi wa dziko la eni akafunsa mapepala. Mukudziwa kuwawa komva uthenga wa maliro a amayi n'kulephera kukaponya dothi. Mnyamata wa kwa Nankumba wobisala ku Durban ndi mng'ono wanu. Inu mudathawa Apayoniya, iye akuthawa mphika wopanda kanthu. Inu tidakulandirani ndi nyimbo pa bwalo la ndege, iye tidamugoneka pa bwalo la mpira. Ngati demokalase yomwe mudavutikira siyimufikira iyeyu, ndiye kuti ntchito mudaisiyira panjira. Ndipo inu a m'tauni olandira malipiro pakutha pa mwezi, musamuseke. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe: ana anu omwe ali ndi madigiri nawonso ali pamzere wa pasipoti.

Tikupempha zinthu zisanu, ndipo palibe chimodzi chomwe chili chosatheka.

Choyamba, boma likambirane ndi South Africa poyera za zilolezo zogwirira ntchito. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho adapezera anthu awo zilolezo zapadera, ngakhale zili ndi mavuto ake. Mgwirizano uliwonse wotumiza anthu kunja, kaya ndi ku Israel kaya kwina, uzidzera ku Nyumba ya Malamulo ndege isadanyamuke, ndipo uzinena momveka kuti munthu akadwala, akafa kapena akachotsedwa, alipira ulendo wobwerera ndani. Pasipoti nayo isakhale ngati mwayi wa mpikisano, monga kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza kudaima kwa masabata ambiri.

Chachiwiri, maofesi a kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Johannesburg akhale ndi kaundula wa Amalawi, wolembedwa mosaopseza opanda mapepala, komanso thumba la ndalama za pangozi. Pa zipata za Mwanza ndi Dedza pakhale malo okhazikika okhala ndi madzi, zimbudzi ndi pogona. Tidathamangitsa mabasi mu 2008, mu 2015 ndi mu 2020, ndipo nthawi iliyonse tidachita ngati n'koyamba.

Chachitatu, mtengo wotumizira ndalama utsike. Maiko onse adagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 usapitirire 3 pa 100, koma kutumiza kuchokera ku South Africa kupita kwa oyandikana nawo kwakhala m'gulu la njira zodula kwambiri padziko lonse. Banki Yaikulu ya Reserve ili ndi mpando pa zokambirana za SADC. Iugwiritse ntchito. Randi iliyonse yotsalira panjira ndi kope la mwana ku Chembe.

Chachinayi, apatsidwe voti. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, chinthu chomwe chidathandiza makamaka ophunzira a ku Ulaya ndi ku America. Koma Mmalawi wokhala kunja alibe poponyera voti komwe ali. N'chifukwa chake wandale sataya tulo ndi wa ku Joni. Tsiku lomwe bokosi la mavoti lidzaikidwe ku Johannesburg ndi ku Durban, mudzaona nduna zikupita kukamva madandaulo popanda wozikakamiza.

Chachisanu, ndipo ndicho chachikulu, nyanja ibwezeredwe mphamvu zodyetsa ana ake. Nsomba zambiri zimaonongeka pakati pa gombe ndi msika chifukwa chosowa ayezi ndi poumitsira pabwino. Nyengo yotseka nyanja ilemekezedwe ndi onse, wa bwato ndi wa sitima yemwe, osati kulanda ukonde wa wosauka n'kusiya wolemera akukokolola. Doko la Monkey Bay liphunzitse anyamata kuwotcherera ndi kukonza injini, kuti ngakhale wosankha kupita apite ndi luso m'manja. Sitikunena kuti ulendo uletsedwe. Dr Banda adayesa mu 1974 ndipo patatha zaka zitatu adabweza mawu. Ufulu woyenda ndi umodzi mwa maufulu omwe tidaumenyera. Tikunena kuti kupita kukhale kusankha, osati kuthawa.

Mabanja nawo ali ndi gawo lawo. Akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ndalama yomwe ikadali ku Joni si yanu kufikira itafika, ndipo mu 2020 tidaona kuti ikhoza kuima mwezi umodzi popanda chenjezo. Ikafika, ina ilowe ku banki mkhonde, ina igule mbuzi, ina isunge mtsikana pasukulu. Mafumu, mashehe ndi abusa a m'mbali mwa nyanja asatope kunena kuti mwana wa sitandade 7 si wopereka kwa mwamuna chifukwa choti wabwera ndi foni ya ku Joni, ndiponso kuti mnyamata amalize sukulu asadayambe kulota za Beitbridge.

Covid-19 idapita, koma mliri wina udzabwera, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Ukadzabwera, zipata zidzatsekedwanso, mabwana a ku Joni adzayambanso ndi mlendo pochotsa anthu, ndipo mabasi adzaimanso pa Mwanza. Tikufunsa aphungu onse a boma la Mangochi, posayang'ana chipani: pa mkumano ukubwerawu wa Nyumba ya Malamulo, ndani wa inu adzaimirire n'kufunsa nduna kuti Amalawi ali ku South Africa ndi angati, ndipo akadzabwerera tsiku limodzi adzagona kuti? Nyuzi ino idzasindikiza yankho lake mawu ndi mawu. Ikadzakhala kuti palibe wafunsa, tidzasindikizanso zimenezo.